Nsapato zayamba kundithina, Amama

Lero kwacha kozizira kuno ku Kalikiliki. Mphepo ikuulutsa fumbi, zigubu zikugundana pamzere wa madzi, makondakitala akukuwa "tauni, tauni". Povala nsapato zakusukulu ndamva chala chikupweteka. Zayamba kundithina, Amama, ndipo lero chakwana chaka chimwalirireni inu.

Ndikukumbuka tsiku lomwe munkanyamuka kupita ku Joni, fakitale yanu itatsekedwa. Munang'amba pepala m'kope langa, n'kundiuza kuti ndiliponde, kenako munagwada n'kujambula phazi langa ndi bolopeni. Ndinkaseka chifukwa inkandigirigisha. "Imilira bwino iwe," munatero. "Mapazi monga ya batate ako! Manambala yamanama, koma pepala silinama." Kuyambira pamenepo chaka chilichonse ndinkajambula ndekha n'kupatsira dalaivala wa basi, nsapato n'kubwera zondikwana ndendende. Pa foni yomaliza munati mwatsanzika kale kwa abwana anu, katundu mwamanga, ndipo mukafika kuno simudzachokanso. Munkatsokomola kwambiri, koma munati ndi chimfine chabe. Ine ndinakhulupirira, mpaka ndinasesa chipinda chanu.

Azakhali akuti Loweruka tikafune zina ku salaula, kumsika wa zovala zakale. Ndakana. Mawa ndizivala popanda sokosi, mwina zindifikitsa kumayeso.

Chaka chatha, m'malo mwa inu, amene anabwera kunyumba ndi amalume omwe anapita kukakutengani, zikwama zanu ziwiri, ndi bokosi lanu litamangidwa m'ngolo kumbuyo kwa galimoto. Nsapatozi zinali pamwamba m'chikwama chachikulu, pepala langa lili lopinda mkati mwa yakumanzere.