Mphindi Ziwiri Zimene Makina Anafufuta

Mayi Velida Chimbalanga anatha zaka khumi ndi zinayi m'kachipinda kopanda zenera pa yunivesite ina ku Joni, mahedifoni ali kumakutu. Ophunzira utolankhani ankapita ku Park Station kukacheza ndi Amalawi otsika mabasi, n'kubwera ndi mawu amene ajambula, ndipo mayiwa ankataipa zonse, liwu ndi liwu. Munthu akaseka, ankalemba kuti waseka. Akakhala chete, ankayang'ana wotchi n'kulemba mphindi zake.

Chaka chatha yunivesiteyo inagula pulogalamu ya pakompyuta yotaipa yokha. Ntchito ya sabata yathunthu inkatha tiyi asanazizire. Mayiwa sanawachotse ntchito ayi, anangowasiyira yomenya sitepula mapepala otuluka m'makinawo.

Tsiku lina, poti khutu linazolowera, anamvetsera mawu a mayi wina wogulitsa masamba ku Joubert Park. Wophunzira anamufunsa za mwana amene anamusiya ku Mangochi. Mayiyo anakhala duu mphindi ziwiri zathunthu, kukumveka mahutala a matakisi okha, kenako anati, "Ali bwino."

Papepala panali funso, pansi pake "Ali bwino." Basi.

Mayi Chimbalanga anathamangira nalo kwa mphunzitsi wa kafukufuku. "Apatu munthu anakhala chete," anatero.

"Pulogalamuyi imachotsa malo opanda kanthu, mayi," anayankha mphunzitsiyo akumwetulira. "N'chifukwa chake tinaigula."

Opanda kanthu! Mayiwa anatenga pepala lija. Anabwerera m'kachipinda kawo n'kumenya sitepula.

Wophunzira uja anakhoza bwino kwambiri, atalemba kuti amayi a ku Joni sadandaula za ana amene anawasiya kumudzi.