Tsiku Limene a Mkokomo Ananong'ona Pamathithi

A Mkokomo ndi alamu anga, anakwatira malemu achemwali anga. Dzinali tinawapatsa ndife, chifukwa munthuyu salankhula, amabangula. Akamapempha mchere patebulo, agalu a nyumba yachitatu amadzuka.

Koma tisawanene kwambiri. Ntchito ya kumtsinje anaiyamba ndevu zisanamere, kusenza mabwato a mphira kutsika nawo kuphompho, mpaka anawakweza kukhala woongolera. Iwo amakhala kumbuyo kwa bwato ndi nkhafi yaitali, kutsogolo kuli alendo amene abwera dala kudzanyowa ndi kudzalira mayo m'mathithi. Paphokoso limene lija, ukalankhula mwaulemu waphetsa anthu. Ndiye zaka zonsezi ndi "Palasani! Chammbuyo! Pansi nonse!" mpaka khosi linazolowera, khutu lamanzere n'kugontha. Achemwali atatisiya, ana n'kubalalika, anatsala okha m'nyumba, kumakangana ndi wailesi.

Kenako kushedi kumene timachapa majekete oyandamitsa anthu kunabwera a Telala, mayi wamasiye wosoka malamba oduka. Mwadzidzidzi malamba a majekete a alamu anayamba kuduka tsiku ndi tsiku. Lamba wina ndinamuona ndi maso angawa, anali wochita kudulidwa ndi mpeni. Tsiku lofunsira a Telala ukwati, alamu ankayesa akulankhula zachinsinsi, koma tonse tinamva tili kuseri kwa shedi. A Telala anaimitsa mashini. Anati malemu amuna awo anali olusa, ndiye sakufuna kukalambanso akunjenjemera m'nyumba mwawo. Asanayankhe, ankafuna akawaone kaye pantchito, pamene zinthu zavuta.

Alamu anamva zawozawo. Anaganiza kuti akangokhala chete tsiku limodzi, mkazi ndi wawo.

Tsiku lopanda alendo tinakwera ife a m'shedi: ine, adalaivala, akhukhi ndi a Telala atamanga chisoti pamwamba pa duku. Mathithi ang'onoang'ono tinadutsa bwino, alamu akungoloza ndi chibwano ngati mkwatibwi. Tinafika pamene mtsinje umapanikizana pakati pa mapiri, madzi oyera thovu lokhalokha, pakati pali chimwala. Apa mpamene amayenera kubangula kuti tibwerere chammbuyo. Ndinacheuka. Milomo inkagwedera ndithu, koma mawu osamveka. Adalaivala, amene anali pafupi nawo, amalumbira mpaka lero kuti anamva zoti, "Ngati sizikuvutani, tingapalaseko chammbuyo."

Ife tinapalasabe kutsogolo. Bwato linamenya mwala cham'mbali, linapendekeka, ndipo pamene panali a Telala panatsala nkhafi yokha.

Pamenepo ulemu unathawa. Alamu anaimirira n'kutsegula khosi lonse, mapiri akuyankha: a Telala agone chagada, miyendo kutsogolo, asayerekeze kuimirira, agwire chingwe. Mawu ena amene anaphatikizapo sindingawalembe pano. Chisoti chinatulukira m'thovu, manja anagwira chingwe, tinakoka.

Tsono pali kachitidwe kena ka kumadzi kamene a Telala sankakadziwa. Munthu wolemera sumukoka chabe. Umamugwira jekete m'mapewa, kumukankhira pansi pa madzi kaye, kuti jeketeyo ikamamubweza m'mwamba iwe ungomulandira. Alamu anachita zomwezo. Mayi amene wangopuma kamodzi anaona womufunsira uja akumumizanso. Anavuuka n'kugwera pachifuwa pa alamu, onse awiri gada m'bwato, ndipo khofi limene linalira patsaya la alamu pamenepo linamveka kuposa mathithi.

Sabata yonse lamba sanaduke. Alamu ankazemba shedi, kudutsira kuseri kwa matanki, mapewa ali pansi. Kwa ine anangoti zatha, awatukwana mayi aja pagulu n'kuwamizanso, ndani angalole. Anandimvetsa chisoni, ngakhale ndinaseka kaye.

A Telala anafufuza okha kwa oongolera ena za kumiza kuja. Kenako anatuma adalaivala kuti akawaitane. Alamu anafika chipewa chili m'manja, ife tikuchapa jekete imodzi yomweyo pafupi ndi khomo.

Alamu anayamba kupepesa za kukalipa, koma a Telala anawadula.

"Kukalipako n'kumene kunandipulumutsa. M'madzi muja sindinkaona kanthu, ndinkangomva inu. Chimene ndakwiyira n'chakuti munali ndi anthu anayi m'bwato, inu n'kumanong'ona kuti ndikukondeni. Mukanatipha tonse, bambo."

Alamu anayang'ana pansi n'kuvomera kuti zinalidi zopusa.

"Malemu aja ankakuwa pofuna kuti ndiope. Inu munakuwa chifukwa mumaopa ndinu. Kusiyana kwake ndikukudziwa. Pitani mukauze akwanu abwere, koma musadzandikwezenso chinthu chimene chija."

Anakwatirana mvula isanagwe. A Telala amawaperekeza m'mawa mpaka pamwamba pa phompho, n'kubwerera kumashini awo.