Malume a Mnzanga ku Bangladesh

Pa chipatala chimene ndimagwira ntchito ya unamwino, m'katikati mwa mzinda wa South Bend ku Indiana, ndinapezapo anzanga awiri ochokera ku India. Wina amagwira ku famase. Ndi Mhindu, wobadwira mu mzinda wa Kolkata, mayi wamfupi wolankhula mothamanga ngati wasiya ndiwo pamoto. Winayo amagwira ku labu, koyeza magazi. Ndi Msilamu wa ku Assam, kufupi ndi malire a Bangladesh, mayi wofatsa amene amayamba wamvetsera kenako n'kuyankha mawu awiri atatu. Onse amalankhula Chibengali, ndiye pa nkhomaliro ankakonda kuiwala kuti ndilipo, n'kumacheza m'chilankhulo chawo mpaka ine kugogoda tebulo ndi supuni.

Chimene chinatigwirizanitsa kwenikweni ndi galimoto yanga. Kamodzi pamwezi, Loweruka limene tonse tinalibe shifiti, tinkapita ku Indianapolis kukagula zakudya za kwathu m'masitolo a pa Lafayette Road. Ine ndinkagula ufa, nyemba ndi nsomba zouma, iwo mpunga wa m'matumba akuluakulu ndi zokometsera ndiwo zimene mayina ake sindinawagwirebe. Tikamaliza tinkadzera ku Beech Grove kwa achemwali anga, kumwa tiyi, n'kubwerera.

Nyengo ina yotentha, ana a m'sukulu za ukachenjede ku Bangladesh anayamba zionetsero. Anthu ambiri anafa, ndipo pamapeto pake boma linagwa, mtsogoleri wake n'kuthawira ku India. M'masiku otsatira, m'madera ena anthu anayamba kuthyola ndi kuotcha nyumba ndi masitolo a Ahindu, amene m'dzikomo ndi ochepa. Ena ankati n'zandale, ena ankati n'zachipembedzo basi. Tsono ku India, kumene ochepa ndi Asilamu, mkwiyo wa anthu ena unagwera Asilamu a komweko, makamaka olankhula Chibengali.

Ine ndinakulira ku Lizulu, kumene msewu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Ndili mwana ndinaona anthu akuwoloka msewuwo atasenza mphasa ndi mapoto pothawa nkhondo. Ndinkadziwa kuti moto ukabuka kwa oyandikana nawo, utsi sufunsa chiphaso. Chimene sindinkadziwa n'chakuti utsiwo ungafike mpaka m'kachipinda kathu kodyera ku Indiana.

Mnzanga wa ku famase anali ndi malume ake ku Bangladesh, mlongo wawo wa mayi ake, amene anali ndi sitolo ya nsalu m'katauni kena. Chigwereni boma, foni yawo sinkapezeka. Mayi ake ku Kolkata anasiya kudya. Iyeyo ankayenda ndi foni m'manja, ndipo abale ake ankamufowadira mavidiyo usana ndi usiku: nyumba zikuyaka, amayi akulira, anyamata atanyamula zibonga. Ena mwa mavidiyowo anali oona, ena anali akalekale kapena a kwina, koma munthu wa mantha alibe nthawi yosankha mpunga ndi mankhusu.

Mnzanga wa ku labu nayenso anali ndi nkhawa yake. Mlongo wake ankagwira ntchito ya zomangamanga mu mzinda wina waukulu wa ku India, kutali ndi kwawo. Anzake a pa ntchito anayamba kumutchula kuti ndi wa ku Bangladesh, ndipo mwini nyumba imene ankachita lendi anamuuza kuti afune kwina.

Tsiku lina pa nkhomaliro, wa ku famase anaika foni patebulo n'kuikankhira kwa mnzakeyo. Analankhula m'Chingelezi, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kuti inenso ndimve.

"Taonani zimene akuchita anthu anu."

Wa ku labu anaonera vidiyoyo mpaka kumapeto, n'kubweza foniyo.

"N'zoipa zimenezi. Koma anthu anga ndi ati? Ine ndine wa ku India ngati inu nomwe."

"Ndiye bwanji simukulankhulapo? Nonsenu mwangoti chete."

"Ndalankhula pompano. Nanga pamene ankagumula nyumba za Asilamu kwathu kuja, inu munalankhulapo?"

Wa ku famase anatseka kontena yake chakudya chili momwemo n'kutuluka. Kuyambira tsikulo aliyense ankadya nthawi yakeyake. Akakumana m'khonde ankapatsana moni wa pa ntchito, wouma ngati chikonyo. Ine ndinatsala pakati. Uyu akandipeza ankandiuza za malume ake, uyo akandipeza ankandiuza za mlongo wake, ndipo palibe amene ankafunsa za mnzake. Ndinkapita kunyumba mutu ukuwawa. Amuna anga anandiuza kuti ndisalowerere nkhani za eni, ndipo ndinavomera, koma mtima sunavomere.

Loweruka la ulendo litayandikira, aliyense ananditekisita payekha, funso lake limodzimodzi: kodi winayo akupita? Ndinawayankha onse mofanana, kuti galimoto inyamuka m'mawa ngati kale, ndipo mipando ilipo. Ndinkaganiza kuti ndipita ndekha. Koma nditafika pamalo athu okumanirana, ndinawapeza onse awiri, ataima motalikirana ngati anthu odikira mabasi osiyana. Wa ku famase ankafuna lubani ndi mafuta a nyale zopempherera malume ake. Wa ku labu mpunga unali utamuthera, ndipo ana ake sadya wa m'masitolo wamba.

Ulendo wa tsikulo unali wautali kuposa maulendo onse. Wa ku famase anakhala kutsogolo, wa ku labu kumbuyo. Chimanga cha ku Indiana chinali chitatalika mbali zonse za msewu, minda yosaona polekezera, ndipo tonse tinkangochiyang'ana ngati sitinachionepo. Ndinayatsa nyimbo za kwaya ya kwathu, koma posakhalitsa ndinazimitsa. Ndinaona kuti zipembedzo ziwiri zakwanira m'galimotomo, chachitatu chingopanikiza.

Tinafika pa Lafayette Road dzuwa lisanafike pamutu. Ndinapaka galimoto kutsogolo kwa sitolo ya amwenye imene tinkayambira nthawi zonse. M'katimo munali wailesi ya kanema pamwamba pa kauntala, ndipo inkaonetsa nkhani za ku India, anthu akukalipirana onse nthawi imodzi. Azibambo angapo anaima pansi pake, madengu ali m'manja, kugula ataiwala. Mnzanga wa ku labu atalowa ndi mpango wake kumutu, mmodzi wa iwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kanthu kwa mnzake. Sindinamve chilankhulocho koma nkhope ndinaimva. Iye anangokonza mpango wake n'kupita kumene kuli mpunga. Wa ku famase anaona zonsezo, n'kuyang'ana pansi.

Tili cha kumashelefu a kumbuyo, foni ya wa ku famase inalira. Anaiyang'ana n'kundigwira mkono.

"Nambala ya ku Bangladesh. Si ya amalume."

"Yankhani," ndinatero.

Anayankha. Ndinamva mawu a mwamuna, ndipo moni wake ndinauzindikira chifukwa ndi womwe amapatsana anzathu a ku Mangochi, moni wa Chisilamu. Nkhope ya mnzangayo inasintha. Munthuyo ankalankhula mofulumira, mawu akudukaduka, ndipo iye ankangobwereza mawu amodzimodzi, kenako anachotsa foni kukhutu.

"Sindikumumva. Akulankhula Chibengali cha kumudzi kwawoko. Ndangomva dzina la amalume. Mwina akundiuza za maliro."

Wa ku labu anali atabwera kale, thumba la mpunga atalisiya pansi. Kwawo ku Assam ndi tsidya lino la malire omwewo, ndipo malankhulidwe a anthu a mbali ziwirizo ndi amodzi, monga mmene wa ku Lizulu amamvanirana ndi wa ku Ulongwe, tsidya la ku Mozambique. Sanapemphe chilolezo. Anatambasula dzanja, ndipo mnzakeyo anamupatsa foni.

Anabweza moni uja, n'kumvetsera nthawi yaitali. Anafunsa kanthu, n'kumvetseranso. Ife tinkangoyang'ana pakamwa pake. Kenako anaphimba foni ndi dzanja.

"Ali moyo. Iwo ndi akazi awo. Ali m'nyumba mwa bambo akulankhulawa, ndi oyandikana nawo."

Wa ku famase anakhala pansi pomwepo, pa matumba a ufa wa tirigu.

Zotsalazo tinazimva pang'onopang'ono, wa ku labu akumasulira. Gulu la anyamata linabwera, linathyola sitolo, linatenga nsalu n'kuyatsa moto. Amalumewo anamenyedwa pamkono poyesa kutseka chitseko, ndipo foni yawo inatayika pachipwirikiticho. Bambo oyandikana nawowo anawakokera m'nyumba mwawo kudzera kuseri, ndipo iwo ndi ana awo aamuna ankasinthana kugona pakhomo powalondera. Nambala za abale zinali m'foni yotayikayo. Nambala ya mnzangayo anaipeza pa katoni ya mankhwala a shuga imene anawatumizirapo kalekale.

Kenako foni inapita kwa amalume eni ake. Wa ku labu anaibweza kwa mwini wake, ndipo ndinamva mawu a munthu wokalamba, otsika koma osanjenjemera. Mnzangayo ankalira uku akuseka, akuyankha mawu amodziamodzi. Azibambo a pa kauntala aja anabwera kudzasuzumira. Mwini sitolo anabweretsa madzi a m'botolo, ndipo atamva nkhaniyo anatsitsa mawu a wailesi ija.

Titabwerera m'galimoto sindinailize msanga. Wa ku famase anaimbira mayi ake ku Kolkata, ndipo kulira kwa mayiwo tonse tinakumva. Atamaliza anatembenukira kumbuyo.

"Nanga alongo anu?"

"Anasiya ntchito. Anakwera sitima, anafika kwathu dzana. Ali bwino."

"Dzana? Osanena?"

"Ndikanauza ndani?"

Wa ku famase anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wa m'khosi. Kenako anati, "Koma amene anaotcha sitolo ija ndi Asilamu."

"Inde," anatero wa ku labu. "Amene akugona pakhomo aja nawonso ndi Asilamu."

Sanapepesane, ndipo ine sindinawakakamize. Ndinangoliza galimoto.

Ku Beech Grove achemwali anatilandira ngati kale. Nkhani yonseyi sankaidziwa, ndiye ataona maso ofiira anandikokera kukhitchini.

"Kwagwanji? Mwachita ngozi?"

"Ayi, achemwali. Kwabwera uthenga wabwino."

"Uthenga wabwino ndiye nkhope zimenezi?"

Anaphika tiyi wa mkaka, n'kutulutsa mandasi amene anakonzera a kutchalitchi mawa lake. Wa ku famase anadya ngati munthu amene wangokumbukira kuti kuli chakudya. Mwana wa achemwali, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi, anadandaula kwa mayi ake kuti mandasi a mawa akutha, ndipo tonse tinaseka, ngakhale amene sanamve chiyambi chake.

Sindinganene kuti zonse zinabwerera mwakale. Amalumewo sitolo sanaitsegulenso, ndipo mpaka lero banja likukambirana ngati asamukire ku India kapena akhale m'dziko limene anabadwira. Mlongo wa mnzanga wa ku labu anakhala miyezi osagwira ntchito. Anzanga awiriwa akayamba za ndale za kwawo sagwirizana, ndipo pali nkhani zina zimene amazilambalala dala. Kukabuka china kumeneko, ndimaona mafoni akutuluka m'matumba.

Koma tsiku lija pobwerera anakangana njira yonse, za atsogoleri, za mbiri ya malire, za amene anayamba. Mawu ankakwera n'kutsika, ndipo ine ndinkangodiraiva, wokondwa kumva phokoso. Ku Kokomo ndinaima kuti ndithire petulo. Awiriwo anatsika n'kulowa limodzi m'kasitolo ka pamenepo, mkangano uli m'kamwa. Ndinaimbira amuna anga.

"Zayenda bwanji?" anafunsa.

"Amalume aja apezeka. Ali moyo."

"Nanga anzanuwo?"

"Akukangana."

"Ndiye mukusekeranji?"

Ndinawauza kuti ndidzawafotokozera ndikafika, aike madzi a tiyi pamoto.