Kalata ya bondo la Kapitawo

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Lenadi, mphuno zanga zimadzaza fungo la mafuta a nsatsi losakanikirana ndi utsi wa masamba ouma a mbatatesi amene tinkatentha m'munda tikatha kukumba. M'mawa uliwonse, chisanu cha kumapiri kwathu chisanaleke kuluma zala, ankakhala pakhonde moyang'ana kotulukira dzuwa, buluku atalipinda mpaka pantchafu, n'kumatikita bondo lawo lamanzere pang'onopang'ono uku akung'ung'udza nyimbo ya m'tchalitchi imene sankaimaliza. Akathana nalo bondo lawolo ankathiranso timafuta m'dzanja n'kuitana kuti, "Kapitawo, wotsatira ndiwe." Pamenepo kagalu kofiirira kamakutu ogwa kankatuluka kunsi kwa nkhokwe, n'kudzagona chammbali pamapazi pawo, mwendo wakumbuyo katautambasula kale.

Dzina lakuti Kapitawo anamupatsa chifukwa kumunda ankayendera mzere uliwonse, kununkhiza ntchito ya aliyense, koma osagwirako khasu. Anali galu wachangu, wokonda kuthamangitsa akhwangwala, kungoti mwendo wake wakumanja wakumbuyo unali ndi vuto. Akuthamanga bwinobwino ankangounyamula mwadzidzidzi, n'kudumphadumpha ndi itatu, kenako n'kuukutumula kumbuyo ngati munthu wochotsa matope kuphazi, basi n'kupitiriza ulendo. Masiku ena kukutumulako sikunkathandiza, ndiye ankaima n'kumalira mpaka agogo afike. Iwo ankafufuza ndi chala chachikulu kafupa kozungulira ka pabondo kamene kankaterereka n'kupita pambali, ndipo ankakakankhira m'malo mwake.

Bondo la agogo linali ndi mbiri yake. Ali mnyamata anakagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo mwala unawagwera kutatsala miyezi yochepa kuti nthawi yawo ithe. Anawamanga nsalu, kuwapatsa ndodo, n'kuwakweza sitima yobwerera kumudzi. Nkhaniyi sankaikonda, ndipo akaiyamba ankaidula ndi mawu amodzimodzi: "Anati kukonza bondo la munthu amene akupita kwawo n'kutaya nthawi."

Ine ndinali mdzukulu wawo wamkazi woyamba, ndiye monga amachitira agogo kwathu ankandiseka kuti ndine mkazi wawo. Tinkakhala nawo pakhomo pamodzi ndi amayi anga. Chingerezi sankachidziwa kupatula mawu otukwanira a mumgodi, ndipo maso anali atayamba kuchita nkhungu, choncho kuyambira ndili Sitandade 5 kalata iliyonse yofika pakhomopo ndinkawerenga ndine. Ntchitoyi ndinkainyadira kwabasi. Ndinkakhala pampando, osati pamphasa, n'kuyamba ndatsokomola kaye ngati aphunzitsi.

Chaka chimene ndinali Sitandade 7, pa tsiku la katemera wa chiwewe, tinapita ndi Kapitawo kudibi kumene anthu onse ankasonkhana ndi agalu awo. Pamodzi ndi alangizi a ziweto panabwera dokotala wachitsikana wochokera ku Blantyre. Ataona kayendedwe ka Kapitawo anagwada pafumbi, n'kulipinda bondolo, kulitambasula, kulipindanso.

"Agogo, kafupa aka kali ndi kanjira kake, koma kanjirako n'kosaya, n'chifukwa chake kakumatuluka," anatero. "Pali opaleshoni yokumba kanjirako kuti kafupa kazikhazikika. Mukachedwa, bondo lidyeka, ndipo linzakeli lidzatopa ndi kusenza thupi lonse."

"Opaleshoni ya galu?" anafunsa bambo wina pamzere, ndipo anthu anafa nacho chiseko.

Agogo sanaseke. Anafunsa ngati galu amadzuka akamugoneka ndi mankhwala, ngati adzamve kuwawa, ndiponso ngati adzathamangenso. Dokotalayo anayankha mosabisa kuti ambiri amadzuka ndipo amachira, koma kulonjeza sangalonjeze. Anati kuchipatala chawo cha ziweto nthawi zina amathandiza ulere agalu akumudzi, ndiye akakambirana ndi akuluakulu ake, yankho adzatumiza pakalata kudzera kusukulu kwathu.

Kunyumba nkhaniyi inavuta. Amayi anaombetsa manja n'kunena kuti, "Bambo, anthu akugona pansi m'zipatala, inu mukakweze galu minibasi? Mudzi uno tiyendamo bwanji?"

"Aikona, Sofiya," anayankha agogo. "Galuyu wandilondera mbatatesi zaka zinayi. Ndimuuze kuti kukonza bondo lake n'kutaya nthawi?"

Komabe nawonso mtima unali pawiri. Kwa mlungu wathunthu ndinkawamva akukambirana ndi galuyo pakhonde ngati akulu awiri. Tsiku lina ankati mpeni ndi mpeni, bola kutsimphina uli moyo. Mawa lake Kapitawo akalira kumunda, ankabwera atasintha maganizo. Pomaliza, Lamlungu tikuchokera ku Misa ku Nzama, anaima panjira n'kundiuza kuti, "Mkazanga, ndaganiza. Akatiitana tipita, ndipo iwe ukakhala pakamwa panga kwa madokotala."

Poyamba ndinasangalala, poti ku Blantyre ndinali ndisanafikeko. Chimene chinaononga zinthu ndi kukonzekera kwawo. Anamva kuti makondakitala salola galu pampando, ndiye anaganiza zomubereka kumsana ndi chitenje, ndipo anati ayambiretu kumuzoloweza. Anatenga chitenje chakale cha malemu agogo aakazi, n'kumubereka Kapitawo monga amaberekera mwana, mutu uli pa phewa, lilime lili panja, n'kumayenda naye mtunda wonse wotsikira kumsewu. Njira yake inkadutsa kuseri kwa sukulu yathu, ndipo anadutsa nthawi yopuma.

Sindidzaiwala phokoso la tsiku limenelo. Ana anathamangira kumpanda wa bulugama, ena akugubuduka pansi ndi chiseko. Agogo, osadziwa kanthu, anandiona pagulupo n'kukweza dzanja: "Mkazanga, taona mwana wathu wazolowera!" Kuyambira ola limenelo dzina langa lakuti Agnesi linafera pomwepo. Ndinasanduka amake Kapitawo. Ndikalowa m'kalasi anyamata ankauwa chapansipansi, atsikana ankandifunsa ngati mwana wayamwa. Ndinkalingalira za tsiku la ulendo, ine nditaima pa siteji ya Nsipe pakati pa amayi ogulitsa tomato ndi kabichi, ambiri a iwo amayi a anzanga omwewo, pambali pa nkhalamba yobereka galu.

Kalata inafika patatha milungu itatu. Ahedi anandipatsa poweruka, ndipo ndinaitsegula panjira, nditabisala kuseri kwa chulu. Inali ya Chingerezi, yotayipa, yodzaza tsamba lonse. Inati madokotala avomera, opaleshoni idzakhala yaulere, tibwere ndi galuyo Lachiwiri la mlungu wachiwiri wa mwezi wotsatira asanadye kanthu, ndipo akadzachoka kumeneko adzafunika kukhala malo amodzi osathamanga kwa milungu isanu ndi umodzi. Ndinaiwerenga kawiri. Ndinamva liwu lililonse, sindinganame kuti china chinandizemba.

Ndinawapeza agogo pabwalo akusankha mbewu ya mbatatesi, zomera maso uku, zoola uko, Kapitawo atagona pathumba. Anapukuta manja pabuluku, anaitana amayi kuti adzamve nawo, ndipo anandikokera mpando. Ndinatambasula pepalalo, ndinatsokomola.

"Akuti pepani," ndinatero. "Akuti galuyu wakula kwambiri, opaleshoni singathandize. Akuti muzingomutikita monga mukuchitiramo."

Agogo anandiyang'ana. Kenako anafunsa, "Pepala lonseli, mawu ake omwewo?"

"Enawo ndi malonje chabe, agogo."

Amayi anapumira m'mwamba n'kunena kuti Mulungu watichotsa manyazi, n'kubwerera ku ntchito zawo. Agogo analandira kalatayo, anaipinda kanayi, anaiika m'thumba la malaya. Anaweramira galu uja n'kumusisita khutu. "Wamva, mnzanga? Nawenso akubwezera kumudzi."

Akulu amati manyazi anapha lambe, koma anga sanandiphe ine, anagwera wina. Kusukulu dzina lija linazilala pasanathe mwezi, ana atapeza wina womuseka. Kunyumba zinthu zinayenda monga ananenera dokotala. Mwendo wakumanja Kapitawo anasiya kuupondetsa, unafota n'kutsala fupa ndi chikopa. Mvula itayamba, bondo lakumanzere nalonso linayamba kuterereka. Akhwangwala ankatera m'munda iye akuwayang'ana. Pofika nthawi yokumba mbatatesi agogo ankamutengera kumunda pa wilibala, n'kumuika pamthunzi kuti azionako ntchito yake. M'mawa uliwonse ndinkadutsa pakhonde popita kusukulu, ndikumva fungo la mafuta aja, maso nditalozetsa kwina.

Chinanso chinasintha. Makalata a amalume ochokera ku Joni agogo anayamba kupita nawo kwa akatekisiti ku Nzama, ulendo wa maola awiri pa bondo lawo lija. Amayi atafunsa chifukwa chake, anayankha kuti mwanayu mayeso ayandikira, asamatanganidwe ndi za nkhalamba. Ine ndinaligwiritsitsa yankho limenelo chifukwa ndinkalifuna.

Katemera wa chaka chotsatira atakwana, ndinayesa kunamizira mutu, koma agogo anati wilibala siyenda yokha. Ndinaikankha mpaka kudibi ndikupemphera kuti kubwere dokotala wina. Anabwera yemwe uja, ndipo anatizindikira tisanafike n'komwe pamzere.

"Agogo! Tinakudikirani tsiku lonse, tebulo titakonza. Kalata yathu sinafike?"

Anamutsitsa Kapitawo, anagwira mawondo onse awiri, ndipo nkhope yake inagwa. Anati mafupa adyana kwambiri, tsopano ngakhale atang'amba sangabweze mwendo umene unalipo, chotsala n'kumupatsa mankhwala ochepetsa ululu. Ine ndinaima nditagwira zogwirira za wilibala, ndikudikira kuti dzina langa litchulidwe pamaso pa mudzi wonse.

Agogo anavula chipewa. "Kalata inafika, adokotala, ndipo mwanayu anandiwerengera bwinobwino. Ndine ndinachita mantha ndi mpeni. Mundikhululukire ukalamba."

Dokotalayo anawadzudzula mwaulemu, koma anawadzudzula ndithu, anthu akumva, ndipo iwo ankangovomera kuti inde, inde. Tinauyamba ulendo wobwerera. Gudumu la wilibala linkalira njira yonse, Kapitawo akundinyambita dzanja ndikaima kuti ndipume. Ndinkayembekeza ndodo, kapena mawu, chilichonse choti chindipepukitse, koma titafika anangoti ndimwetse galu madzi.

Kapitawo anakhala zaka zina ziwiri akudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, kenako anafa m'nyengo ya chisanu. Tchimo limeneli ndinakaulula kwa ansembe, ndinapatsidwa mapemphero anga n'kuwamaliza, koma kwa mwini wake pakamwa panga panali polemera. Ndinapita kusekondale, kenako kukoleji ya aphunzitsi, ndinakwatiwa, ndipo nthawi zonse ndinkadziuza kuti ndidzanena ulendo wamawa.

Ndinanena agogo atayamba kugona pamphasa masana, maso atatheratu. Ndinabwera kudzawaona patchuthi, ndinawatulutsira padzuwa, ndipo tili awiriwiri ndinayamba kuti, "Agogo, kalata ija ya Kapitawo..."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anandidula. "Iwe ukamawerenga, chala chinkayenda pamzere. Tsiku limenelo chala chinaima malo amodzi."

Ndinawafunsa, misozi ikutsika, chifukwa chimene sanapitire nayo kwa akatekisiti kuti amve zoona, poti nthawi inalipo, milungu itatu yathunthu.

"Ndinafika nayo mpaka pa mlatho wa panjira ya ku Nzama, ndinabwerera," anatero. "Ndikanakwera minibasi ndi galu uja, amako ndikanawauza kuti chiyani? Akatekisiti akanadziwa, ahedi akanadziwa, mudzi wonse ukanakutcha wabodza, ndipo dzina limenelo silichoka ngati lija la amake Kapitawo. Panali bondo la galu, panali iwe. Ndinasankha iwe, mkazanga. Koma usaganize kuti sizinandiwawe. Ndinamuchita mnzanga zomwe anandichita ine ku Joni."

Anamwalira mvula yotsatira isanagwe. Lero ndikuphunzitsa Sitandade 7, ndipo makolo amandikhulupirira. Amandisankha m'makomiti, amandibweretsera mapepala a kuchipatala ndi a kukhoti kuti ndiwawerengere, amati aphunzitsi a Agnesi sakhotetsa mawu. Ndimawerenga mzere uliwonse mpaka pansi, ngakhale wowawa. Koma akayamba kundiyamikira ndimaweramitsa mutu, ndipo iwo amayesa kudzichepetsa. Sadziwa kuti mbiri yabwino imene ndikuyenda nayoyi anandisungira ndi nkhalamba imene inadzinamizira mantha pagulu, ndi galu amene sanafunsidwe n'komwe.