Wopepuka Kuposa Thumba la Chimanga

Mpando wake unali wapulasitiki wobiriwira, wonga ija timakhalira pamisonkhano ya mpingo, koma amalume anaudula miyendo n'kuumangirira pachitsulo ndi mawaya. Mpaka lero ndikapatsidwa mpando wotere ndimasankha kukhala pansi.

Chinali chilimwe, anthu atamaliza kugulitsa fodya, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amalume, alongo awo a amayi, ankawotcherera zitsulo ku Madisi, koma chaka chimenecho anatseka shopu n'kubwera kumudzi ndi chinthu chomwe ankachitcha ndege. Chinali ndi mateyala atatu a wilibala, ndipo pamwamba pake panali mapulanga awiri ataliatali, opalidwa bwino, ozungulira pamtengo wachitsulo. Injini ankati adzaika m'tsogolo. Poyamba ankafuna kuchikoka ndi galimoto kuti mphepo izunguze mapulangawo mpaka chinyamuke.

Anthu ankawaseka, ankati ouluka popanda mafuta ndi afiti okha. Masiku ano anthu omwewo amati anali munthu wanzeru wosowa mwayi. Ine sindinena nawo zimenezo.

Amalume ankayesera pabwalo la mpira la pasukulu, poti malo osalala m'mapiri mwathu anali okhawo. Ulendo woyamba anakwera okha. Galimoto ya matola inakoka chingwe, chinthucho chinathamanga chikuphokosera ngati chigayo chopanda chimanga, osanyamuka, kenako chinagwa cham'mbali, pulanga limodzi n'kuthyoka. Anadzuka akulavula fumbi, n'kunena kuti vuto ndi thupi lawo, likulemera. Atasema pulanga lina anamangirira thumba la chimanga pampando, chiwongolero n'kuchimanga ndi waya kuti chisasunthe. Chinangodumpha ngati chule. Aphunzitsi athu, omwe ankawathandiza masamu, anati pakufunika chopepuka kuposa thumba, komanso chotha kufotokoza zomwe chamva.

Onse awiri anayang'ana ine.

Amayi anali kudimba. "Ukhala mtsikana woyamba kuuluka mu Dowa muno," anatero amalume akundimanga pamimba ndi mphira wa tchubu cha njinga. Ndinasangalala, sindikana. Mwana wa msinkhu umenewo amasangalala ndi chilichonse, ndipo munthu wamkulu amadziwa zimenezo. N'chifukwa chake sanadikire kuti amayi abwere.

Ndikukumbukira fungo la guluu ndi utsi wa galimoto, ndi mapulanga akudula mphepo pamwamba pa mutu wanga, phu phu phu. Mateyala anasiya kugunda pansi. Ndinaona denga la sukulu ndili pamwamba, dzimbiri lake, ndi mpira wamapepala womwe unakodwa pamenepo kalekale. Kenako dziko linapendekeka. Pulanga linamenya nthaka, chitsulo chinandigwera pantchafu, ndipo ndinamva kulira kwa fupa ndisanamve ululu.

Aphunzitsi sanandikhudze. Anapita kukatseka zitseko za makalasi, ngati munthu amene wangofika kumene. Amene anandinyamula ndi dalaivala wa galimoto ija, ndipo ndiye anatuma mwana kudimba.

Kuchipatala amayi anauza anamwino kuti ndagwa pangolo. "Ukanena zina, amalume ako amangidwa," anandinong'oneza akundifinya dzanja mpaka zala kuwawa. Ndinagona miyezi iwiri mwendo utakokedwa ndi chitsulo cholendewera. Fupa linagwirana mokhota. Ndimayenda motsimphina, ndipo kuno ku Ntchisi kumene ndinakwatiwa, kukazizira ntchafu imandidzutsa tambala asanalire. Amayi anamwalira tisanakambiranepo nkhaniyi. Amalume akadali moyo, anakalamba, maso anachita khungu. Ana anga sawadziwa, ndipo sadzawadziwa.

Amalume anabwera kudzandiona kuchipatala kamodzi kokha. Anabweretsa mabanzi awiri, n'kukhala m'mphepete mwa bedi, n'kutulutsa kope ndi pensulo.

"Tandiuza bwinobwino, mphwanga. Chinayamba kupendekera mbali iti? Kumanzere? Nanga usanagwe chinanjenjemera?"

Ndinayankha zonse, ndikuonetsa ndi manja, wonyada kuti munthu wamkulu akulemba mawu anga. Atachoka ndinagawira banzi mayi wa pabedi loyandikana nalo, n'kumuuza kuti amalume anga amandikonda kwambiri. Mayiyo anangoyang'ana kumbali. Ine sindinazindikire kuti za mwendo sanafunse.