Mawu a Atsibweni Akana Kulowa M'foni

M'malayini a pa esiteti ya tiyi, kumunsi kwa fakitale, munthu akafuna kutumiza chithunzi amadziwa khomo logogoda. Ndi khomo la a Mildred, amake Tisu. Palibe msonkhano umene unawasankha. Udindowu unangowagwera, monga unawagwera wosesa m'tchalitchi, woperekeza odwala kuchipatala ndi wosunga kiyi wa pampopi.

A Mildred anabadwira m'malayini momwemo. Anayamba kuthyola tiyi atangotha msinkhu, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, mpaka zala zawo zinazolowera kutenga masamba awiri ndi kansonga maso ali kwina. Amuna awo anapita ku Limbe kukafuna ntchito chaka cha njala, ndipo zikuoneka kuti akuifunabe. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tisungane, anamulera ndi dengu lomwelo. Atakula anapita ku Joni kukagwira ntchito m'saluni, ndipo chaka chachiwiri anatumizira mayi ake foni ya tachi.

Kuyambira pamenepo khonde la a Mildred linasanduka positi ofesi. Wina amabwera ndi uthenga wa maliro, wina ndi chithunzi cha khanda, wina akufuna mwana wake wa ku Lilongwe aone mmene denga likudonthera. A Mildred amapukuta manja pa chitenje n'kutumiza. Ena amathokoza, ena amangofunsa kuti, "Zapita?" n'kumapita nawonso.

Tsono m'mwezi wa Juni Tisungane anapeza umbeta wake watha. Mnyamata wake anali Nathan, wa ku Ntcheu, woyendetsa galimoto ya katundu. Chinkhoswe anakonza kuchitira ku Joni komweko, Loweruka nthawi ya 2 koloko masana, popeza abale a mnyamatayo ambiri ali kumeneko. Koma panali chinthu chimodzi chosadumphika. Mwini mbumba, a Zakeyu, mlongo wawo wamkulu wa a Mildred, amene kwa Tisungane ndi atsibweni, anayenera kuvomera ndi pakamwa pawo. Popanda mawu awo, akuchimuna anati sangakhale pansi.

A Zakeyu anali mlonda wa pafakitale wopuma ntchito, maondo atatha, pasipoti alibe. Zoyankhula pafoni mwachindunji anakaniratu.

"Foni imadula munthu mawu ali m'kamwa," anatero. "Ine sindidulidwa. Mundijambule kanema, andione bwinobwino ndi jekete."

Jeketeyo inali kwa telala ku Bvumbwe, ndipo inabwera Lachisanu. Choncho kujambula kunachitika Loweruka lomwelo m'mawa. A Mildred anaisita ndi simbi yamakala, anatulutsa mpando, anasesa pabwalo, anathamangitsa nkhuku, kenako anaima mikono ili m'mwamba foni ili m'manja.

Mwini mbumba savomera msanga, angaoneke ngati mwanayo anali atamutopetsa. A Zakeyu anakonza kukhosi n'kuyamba ndi moni, kenako anakwinya nkhope.

"Mnyamata ameneyu ife sitikumudziwa. Kwawo sitinapondeko. Mwana wathu si nthochi ya pamsewu pa Bvumbwe, yoti aliyense woimika galimoto angonyamula."

Atachoka apo analowa mbiri ya mtundu, mmene makolo anayendera wapansi kuchokera ku Mozambiki atasenza mitolo. Anatchula mayina a akufa mmodzimmodzi. Anatsokomola. Anakalipira tambala. Analangiza za ulemu, za mowa, za kusatseka chitseko apongozi akabwera. Mikono ya a Mildred inali itatopa pamene mkuluyo, patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, anamwetulira n'kunena kuti, "Basi, tavomera. Nathan ndi mkamwini wathu. Mulungu awasunge."

A Mildred anatsegula gulu la banja pafoni n'kusankha kanemayo. Foni inalemba kuti fayilo yakula kwambiri, siingapite yonse. Nthawi yomweyo mayi wina anali pakhomo ndi ndowa, akuitana za kiyi wa pampopi. A Mildred anangodina kabatani kobiriwira mwachizolowezi n'kutuluka.

Pobwerera anapeza foni ikulira, ndipo atayankha anapeza mwana wawonso akulira.

"Amayi, atsibweni akana! Pamaso pa anthu onse a pagulu! Akuti sakumudziwa Nathan!"

"Akana bwanji? Ndinalipo ine, avomera."

"Kanemayo wathera pa nthochi, amayi. Amalume ake a Nathan, a Crispin, akuti ngati zili choncho iwo abwerera kuntchito, sangataye shifiti chifukwa chotukwanidwa."

A Mildred anayang'ana. Zoonadi, foni inali itatenga mphindi zitatu zoyambirira zokha, zina zonse n'kuzisiya. Nthawi inali itadutsa 12 koloko.

Anaimbira mnzawo Hadija, amene amagulitsa zitenje pa Khonjeni ndipo amatumizira makasitomala ake timakanema tsiku lililonse. Hadija anaseka mpaka kutsamwa.

"Mphindi twente-seveni? Amake Tisu, mumajambula ulaliki? Tayesani kutumiza ngati dokumenti, osati ngati kanema. Pakakhala pamenepo foni siidula."

A Mildred anayesa. Kamkombero kanayamba kuzungulira, n'kuima, n'kuyambanso, ngati nkhono yokwera mtengo wa peyala. Anaimbanso.

"Ndiye netiweki ya m'malayini mwanumo siingakoke katundu ameneyo," anatero Hadija. "Duleni. Mukasankha kanema, pamwamba pamabwera timizere tiwiri m'mbali. Kokani, mutenge pofunika pokha. Paja inu ntchito yanu ndi yomweyo, simuthyola nthambi yonse."

A Zakeyu anali pampando pomwepo, jekete asanavule, makutu ali tcheru.

"Akuti adule ndani?"

"Osati inuyo, achimwene. Kanemayu. Tingochotsako pang'ono pakati."

"Pati?"

"Mwina paja mumakalipira tambala."

"Tambala uja anandidula mawu. Aone kuti kuno kuli mwambo."

"Nanga chifuwa chija?"

"Adziwe kuti ndayankhula ndikudwala. Si chikondi chimenecho?"

"Mbiri ya ku Mozambiki bwanji? Tidzawauza akabwera pa Khirisimasi."

A Zakeyu anaimirira, maondo akulira. "Achemwali, mukufuna mudule amayi athu? Mudule agogo athu a Muhiwa amene anawoloka Ruo mwana ali kumutu? Chabwino, duleni. Mundidule ndi ine ndemwe, mutumize jekete yokha."

Anagwirizana kuti pasatayike liwu ngakhale limodzi. Kanemayo adulidwe zidutswa zisanu ndi zinayi za mphindi zitatuzitatu, ndipo zipite motsatana monga zinatulukira m'kamwa.

"Motsatana," anabwereza a Zakeyu, chala chili m'mwamba. "Munthu sayamba kuvala nsapato asanavale buluku."

Netiweki yabwino pa esitetiyo ili pamwamba pa munda wa nambala sikisi, pamene pali mtengo wa bulugamu umene anthu amaimapo poimba foni. A Zakeyu sakanatha kukwerako. A Mildred anamanga chitenje n'kuyamba chitunda, kudutsa m'mizere ya tiyi yonyowa ndi chiperoni cha m'mawa. Anafika pamtengopo nthawi itakwana 1 koloko ndi mphindi makumi awiri, akupuma mwawefuwefu.

Anakoka timizere tija, kuyambira pamene chidutswa choyamba chinathera, n'kuona kuti zikutheka. Koma asanadine anaima kaye. Chidutswa cha m'mawa chija chinatenga mphindi khumi kuti chipite. Zotsala zinali zisanu ndi zitatu. Mawu akuti "tavomera" akanafika ku Joni 3 koloko ili pafupi, anthu atamvera kale za mitolo, za tambala ndi za chifuwa, ngati n'komwe akanakhala alipobe. Uthenga wa Tisungane unalowa: "Amayi, a Crispin atenga makiyi a galimoto."

Chibadwire a Mildred anali asanachitepo zosemphana ndi mawu a mlongo wawoyo. Ali ana ankawasiyira chinangwa chachikulu. Atakula ankawachapira, kuwaphikira akadwala, kuvomera "eya achimwene" ngakhale pamene mumtima munali "ayi". Anayang'ana kumunsi. Malata a m'malayini ankaoneka ang'onoang'ono, ndipo kadontho kakuda ka jekete kanali phee pampando pake.

Anakokera timizere tija kumapeto kwenikweni, pamene nkhope ya a Zakeyu imayamba kumasuka, n'kudina.

Kamkombero kanazungulira. A Mildred anakweza foni m'mwamba ngati akuionetsa njira ya ku Joni. Mphindi zisanu ndi zitatu zinatha. Kenako pansi pa kanemayo panaoneka tizizindikiro tosonyeza kuti wafika.

Sipanatenge nthawi, foni inayamba kunjenjemera. Uthenga wamawu woyamba unali nthungululu zokhazokha, Tisungane akufuula pakati pake kuti, "Amayi! Akhala pansi! Akhala pansi!"

A Mildred nawonso anakhala pansi, pamuzu wa bulugamu. Sabata yonseyo aka kanali koyamba kukhala masana popanda chochapa kapena chosenda m'manja. Zidutswa zisanu ndi ziwiri zotsalazo anazitumiza ndithu, chimodzichimodzi, motsatana bwinobwino, ngakhale ankadziwa kuti ku Joni anthu ali pakati pa kuvina ndipo palibe akuzitsegula. Makolo onse anawoloka Ruo, tambala anakalipiridwa, chifuwa chinapita chonse.

Anatsika dzuwa litapendeka. A Zakeyu anawalandira ndi funso ali patali.

"Zapita zonse?"

"Zonse, achimwene. Palibe chatsala."

"Ndiye akuti bwanji?"

A Mildred anawatsegulira uthenga wamawu wa a Crispin. Mawu awo anali okhuthala, kumbuyo kukumveka nyimbo.

"Bambo Zakeyu, ife takhalapo pa zinkhoswe zambiri, koma mkulu wodziwa kuyankhula ngati inu sitinamuone. Kutiopseza pang'ono, kutisiya tituluke thukuta, kenako n'kuvomera, basi. Osazungulira, osatopetsa anthu. Akuluakulu ena akanatiyambira mbiri ya makolo awo mpaka mpunga kuzizira. Ulemu wanu, bambo."

A Mildred anayang'ana pansi, akudikira. A Zakeyu anayang'ana foni, anayang'ana mlongo wawo, anayang'ananso foni. Kenako anakonza kolala ya jekete.

"Ndimakuuzani nthawi zonse, achemwali," anatero. "Nkhani siifuna kuchulutsa gaga m'diwa. Tabwezerani, ndimvenso paja akuti ulemu wanu."

Anawabwezera katatu. Kachinayi kasanayambe, uthenga wa Tisungane unalowa: "Amayi, zonse zayenda bwino. Tajambula chinkhoswe chonse kuti muone, maola awiri. Koma foni ikukana, akuti fayilo yakula."

A Mildred anapukuta chala pa chitenje n'kulemba pang'onopang'ono: "Udule, mwanawe. Uyambe ndi pamene ukuseka."