Mapazi a Zilembo za a Jerome

Mukadutsa ku Bembeke mwezi wa Juni, nkhungu itatseka mpaka mbuzi osaiona, zilembo za a Jerome zokha mudzazionabe. N'zonenepa, zakuda bii, ndipo chilichonse chili ndi mapazi ake ngati tebulo lachikale. Anazitengera pachikuto cha buku lanyimbo la malemu bambo awo, omwe anali mphunzitsi, ndipo sanafunenso zina. Zilembo zoonda za masiku ano amati n'zanjala. Osayerekeza kutsutsana nawo pamenepa, tiyi wanu azizira.

Kwa zaka makumi atatu alemba pamagolosale, pazigayo, pamitanda yakumanda, ngakhale pangolo zonyamula kachewere. Kagwiridwe kake n'kamodzi. Iwo amajambula ndi pensulo, akazi awo a Magadalena amadzaza penti m'kati, kenako iwo amamalizitsa mapazi ndi kaburashi ka ubweya wa mbuzi. Kaburashi kameneko sankalola munthu kukakhudza. A Magadalena sukulu sanapiteko, choncho zilembo amazidziwa nkhope zokha, mayina ayi.

Chaka chatha dzanja la a Jerome linayamba kunjenjemera. Nthawi yomweyo akomiti ya sukulu ina anabwera kudzapempha chikwangwani chapamsewu. Pensulo inayenda bwinobwino, a Magadalena anadzaza, koma pofika pamapazi zinavuta. Ankatuluka opindika ngati a bakha. A Jerome anafufuta katatu, kenako anakhala pachitsa. Anachita mantha, chifukwa chikwangwani chotere chikakaima pamsewu, aliyense adzadziwa kuti munthu uja watha.

"Bambo a Alile, tapitani mukaone nkhunda zanu," anatero a Magadalena.

Anapita akung'ung'udza. Pobwerako anapeza kaburashi kali m'manja mwa akazi awo, mzere woyamba wonse utaima chilili, phazi lililonse pamalo pake.

"Mwaphunzira liti zimenezi?"

"Zaka zonsezi mumayesa ndimayang'ana kuti?"

Kunena zoona, a Jerome zinawapwetekako. Anafunafuna pokhota poti alozepo chala, osapapeza. Kenako anaseka mpaka kutsokomola, mtima uli mbee.

Pansi pa chikwangwani chilichonse, pakona, amalembapo dzina lawo. Tsiku limenelo anatenga pensulo, n'kutsamiritsa dzanja pandodo, n'kujambula pang'onopang'ono.

"Dzazani apa, mayi."

A Magadalena anadzaza, kenako anaima n'kupendeketsa mutu. "Lero dzina lanu latalikatu. Ndipo wamimba uyu akubwerabwera kanayi."

"Ameneyo ndi A. Dzinalo si langa."

Anawawerengera akuloza chimodzichimodzi: Ma-ga-da-le-na.

Aka kanali koyamba kuti a Magadalena aonane ndi dzina lawo. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuviika kaburashi mupenti.

"Tasunthani," anatero. "Lingaime bwanji lopanda mapazi?"